CIKHO CA DZIKO LONSE KAPENA CA M'MBALI MWA NJANJI?

Kuyambira caka ca 1962 kufikira caka ca 2025, cikho ca ligi yaikulu ya mpira wa miyendo m'dziko la Zambia caperekedwa nthawi 64. Pa nthawi zonsezo cikho cimeneci cagona m'matauni asanu ndi awiri okha: Kitwe, Lusaka, Mufulira, Ndola, Kabwe, Chingola ndi Luanshya. Dziko lino lili ndi zigawo khumi, koma zimene zalawapo ulemerero umenewu ndi zitatu cabe. Cigawo ca Migodi catenga zikho 42, cigawo ca Lusaka 17, ndipo cigawo ca Pakati 5. Zigawo za Kum'mawa, Kumadzulo, Kumpoto, Kumwera, Luapula, Muchinga ndi Kumpoto ca Kumadzulo sizinaonepo cikho ngakhale cimodzi.

Iyi si nkhani yoseka nayo pa mowa ai. Ligi imene ichedwa ya dziko lonse iyenera kukhala ndi khomo lotsegukira mwana wa ku Lundazi monga momwe litsegukira mwana wa ku Wusakile. Ngati kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi khomolo lakhala likutsegukira mbali imodzi yokha, anthu a kumidzi ali ndi ufulu wofunsa kuti: kodi analimanga ndani, ndipo analimangira yani?

KUMENE LIGI INABADWIRA

Yankho lili pa njanji. Njanji ya atsamunda yocokera kumwera, yodzera ku Livingstone, inafika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, m'caka ca 1906, ndipo pofika 1909 inali itadutsa Ndola kulinga ku malire a Congo. Njanji imeneyi sanaiyalire mlimi wa mawere kapena wa nsawawa. Anaiyalira miyala ya mtengo wapatali. Kumene kunali mgodi kunamangidwa makomboni, ndipo eni migodi, pofuna kuti anchito ao asamaganize zambiri za malipiro ocepa, anawalambulira mabwalo nawagulira mipira ndi mayunifomu. Amuna a ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi, amene msonkho wa atsamunda unawathamangitsa m'midzi mwao, anakakumba mkuwa kumeneko, ndipo ana ao anakulira m'mabwalo omwewo. Ndico cifukwa cake maina a Phiri, Banda, Tembo, Mwale ndi Zulu samasowa m'matimu a ku Migodi. Mudzi unabala, koma mgodi ndiwo unakolola.

Pamene ligi ya dziko inayambika mu 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti Zambia alandire ufulu pa 24 October 1964, inayambika ndi matimu a m'matauni amenewa. Cikho coyamba cinatengedwa ndi Roan United ya ku Luanshya. Mufulira Wanderers, timu ya Samuel "Zoom" Ndhlovu, inacitenga kasanu pakati pa 1963 ndi 1969. City of Lusaka inacinyamula m'caka ca ufulu. Kabwe Warriors, timu ya kampani ya njanji, inapambana mu 1968, kenaka katatu motsatizana kuyambira 1970 kufikira 1972, caka cimene Godfrey Chitalu anamwetsa zigoli 107 monga mwa kawerengedwe ka bungwe la FAZ. Green Buffaloes, timu ya asilikali, inatenga zikho zisanu ndi cimodzi pakati pa 1973 ndi 1981. Nchanga Rangers ya ku Chingola inalawako mu 1980. Pambuyo pake inafika nyengo ya Kitwe: Nkana inatenga zikho zisanu ndi zinai pakati pa 1982 ndi 1993, ndipo mu 1990 inafika ndime yotsiriza ya cikho ca akatswiri a mu Africa, kumene inagonja kwa JS Kabylie ya ku Algeria pa mapenate. Power Dynamos, itapambana ligi mu 1984 ndi 1991, inabweretsanso m'dziko muno cikho ca Africa ca matimu opambana zikho m'caka comweco ca 1991.

Palibe munthu wanzeru amene angapeputse mbiri imeneyi. Anthu a kumidzi anaimvera pa wailesi atazungulira moto, ndipo anaomba m'manja pamodzi ndi a m'tauni. Koma aliyense wowerenga maina amenewa aone cinthu cimodzi: pafupifupi timu iliyonse inali ndi mwini wa thumba lakuya. Kumbuyo kwa imodzi kunali mgodi, kumbuyo kwa ina njanji, kwa ina gulu la nkhondo, kwa inanso kampani ya magetsi. Osewera anali pa nchito, anali ndi nyumba, basi yowanyamula ndi cipatala cowaciza. City of Lusaka, imene inalibe mgodi kapena asilikali kumbuyo kwake, inatenga cikho kamodzi kokha, ndipo sinacionenso.

MIGODI ITAGULITSIDWA

Umboni wakuti ndalama ndizo zinanyamula matimu amenewa unaoneka poyera pamene kampani ya ZCCM inagawidwa ndi kugulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000. Mtengo utagwa, mbalame zinabalalika. Nkana, mfumu ya ligi, inatsitsidwa mu 2004. Mufulira Wanderers, imene inali itatenga cikho cake ca cisanu ndi cinai mu 1996, inatsitsidwa mu 2005, ndipo inakhala zaka zisanu ndi zinai ikulimira pansi kufikira inabwereranso mu 2015. Roan United, mwini cikho coyamba, nayonso inaiona njira yotsikira.

Kodi pamenepo cikho cinapita kumidzi? Iai. Cinangosintha mwini. Pa zikho 24 zimene zinaperekedwa kuyambira 2002 kufikira 2025, ZESCO United ya ku Ndola, timu ya kampani ya magetsi, inatenga 9. Zanaco, timu ya banki, inatenga 7. Red Arrows, timu ya asilikali a mu mlengalenga, inatenga 3. Zisanu zotsalazo anagawana Power Dynamos ndi Nkana, onse a ku Kitwe.

Apa mpamene mlimi ayenera kuchera khutu. Asilikali a pansi, asilikali a mu mlengalenga, apolisi ndi a Zambia National Service onse ali ndi matimu ao, ndipo magulu onsewa amadya msonkho wa dziko. Msonkhowo saupereka anthu a ku Lusaka okha. Mai wa ku Sinda pogula sopo, citenje kapena malata, nayenso waponyamo yake. Kampani ya ZESCO ndi ya Boma, ndiye kuti ndi ya anthu onse, ndipo magetsi ake ambiri amacokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, osati m'misewu ya Ndola. Cotero mlimi amathirira munda umene zipatso zake amangozimvera pa wailesi.

Komabe kugwa kwa zimphona kunaphunzitsa dziko phunziro lina labwino. Kunasonyeza kuti lamulo la kukwera ndi kutsika lilibe nkhope. Nkana sinapulumutsidwe ndi mbiri yake. Inatsika, inavutika, inakweranso ndi thukuta, ndipo mu 2013 inatenganso cikho, ndiponso mu 2020 inafikitsa zikho 13, zimene palibe timu ina inazifikapo pofika 2025. Ulemu wa ligi uli pamenepa: wamkulu akalephera atsike, wamng'ono akalimbika akwere. Lamulo limeneli ndiwo makwerero okha amene mudzi uli nao. Timu ya kumudzi ilibe mgodi, ilibe banki. Ili ndi makwerero amenewa basi. Ndiye funso lalikulu ndi lakuti: kodi makwererowo afika pansi pamene pali mudzi, kapena anawadula miyendo?

MAKWERERO OFUPIKA

Monga mwa dongosolo limene linakhazikitsidwa mu 2019, ligi yaikulu inakhala ndi matimu 18, ndipo anai otsiriza amatsika. Pansi pake panaikidwa ligi yaciwiri ya dziko lonse, yochedwa National Division One, ya matimu 18, m'mene anai oyamba amakwera. Pansi pa imeneyo pali maligi a m'zigawo, ndipo opambana m'zigawomo amapatulana okhaokha kuti apeze malo ocepa okwerera. Zaka za m'mbuyomo ligi yaciwiri inali yogawidwa m'madera, kotero kuti timu inkasewera ndi anansi ake kufikira tsiku lokwera. Pa pepala dongosolo latsopanoli lioneka lolungama. Pa msewu ndi lankhanza.

Timu ya ku Kitwe ikamakasewera ku Ndola, Mufulira, Chingola kapena Luanshya, ulendo wake sufika makilomita 70. Osewera amadya nsima ya masana kwao, nakasewera, nabwerera kudzagona m'nyumba zao. Timu ya ku Chipata ikamapita ku Lusaka iyenda makilomita pafupifupi 570, kutsika ndi kukwera mapiri a ku Luangwa, ndipo ikamapita ku Kitwe iwonjezerapo ena oposa 350. Mu ligi ya matimu 18, timu iliyonse imasewera kwa eni ake nthawi 17 pa caka. Nthawi 17 kulipira basi, mafuta, malo ogona ndi cakudya ca anthu oposa makumi awiri! Woyamba wathamanga wopanda katundu, waciwiri wathamanga atasenza thumba la cimanga, ndipo pa mapeto anthu anena kuti waciwiriyo ndi waulesi.

Mbiri ili ndi zitsanzo. Mu 2017 Real Nakonde ya ku Muchinga inalowa mu ligi yaikulu, kucokera ku malire a Tanzania, makilomita pafupifupi 1,000 kucokera ku Lusaka. Caka comweco inatsikanso. Timu ina ya ku Choma yochedwa AM Welding inapambana malo okwerera mu 2016. Inasintha dzina nkukhala Buildcon, ndipo pasanapite nthawi yaitali inakakhazikika ku Ndola, mzinda umene unali kale ndi matimu ake. Anthu amene anaiombera m'manja pokwera anatsala akuyang'ana fumbi. Cigawo ca Kumpoto ca Kumadzulo cinaona Lumwana Radiants, Kansanshi Dynamos ndi Trident zikulowa mu ligi yaikulu, ndipo nzokondweretsa. Koma maina enieniwo aulula cinsinsi: onsewo ndi ana a migodi yatsopano. Mpira sunatsate anthu, unatsata mkuwa monga kale.

Cigawo ca Kumwera ndico cinayandikira koposa. Mu 2019, pamene matimu 20 anagawidwa m'magulu awiri pofuna kusintha nyengo yosewerera, Green Eagles ya ku Choma inafika pa mpikisano wotsiriza, nigonja kwa ZESCO United pa mapenate. Mu 2023 FC MUZA ya ku Mazabuka, itangokwera kumene, inamaliza pa malo aciwiri kumbuyo kwa Power Dynamos. Matauni onse awiriwa ali pa njanji yomwe ija, ndipo Green Eagles ndi ya Zambia National Service. Komabe zimene anacita zatsutsa bodza lakuti kunja kwa Lusaka ndi Migodi kulibe mpira.

MAYANKHO KWA OTSUTSA

Alipo ena amene amati kumidzi kulibe luso. Amenewo afunse za Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata mu 1997. Kuti aonekere anayenera kusiya kwao nkupita ku Nchanga Rangers, kenaka ku Zanaco, kumene anatenga nao cikho ca ligi mu 2016. Mu 2017 anali m'gulu la acinyamata osapitirira zaka 20 limene linatenga cikho ca Africa, ndipo pambuyo pake anakasewera ku Russia, ku Belgium ndi ku Rangers ya ku Glasgow. Cikho ca 2016 cinalembedwa ku Lusaka, ngakhale kuti miyendo ina yocinyamula inakhwimira Kum'mawa. Nanga ndi angati onga iye amene akalamba akuweta ng'ombe cifukwa palibe anawaona? Luso lilipo, cosowa ndi njira.

Ena amati kumidzi kulibe mabwalo oyenera. Nzoona kuti ambiri ndi a fumbi, opanda mpanda ndi opanda zipinda zovalira. Koma bwalo silimera ngati bowa. Mabwalo a Shinde ku Mufulira, Kafubu ku Luanshya ndi Arthur Davies ku Kitwe anacita kumangidwa ndi makampani. Kukaniza timu kukwera cifukwa ca bwalo limene palibe anaimangira kuli ngati kumana mwana khasu kenaka nkumunyoza kuti salima.

Enanso amati mpira ndi malonda, ndipo malonda amatsata ndalama. Wopanda ndalama akhale pansi. Ngati nditero, aleke kuichula ligi ya dziko, aichule ligi ya makampani. Alekenso kuthiramo msonkho wa anthu onse. Pamene ndege inagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville usiku wa pa 27 April 1993, nipha osewera 18 pamodzi ndi onse amene anali m'menemo, maliro sanalire a m'mbali mwa njanji okha. Pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast mumzinda womwewo mu 2012, ng'oma zinalira ku Chama, ku Kalabo ndi ku Kaputa. Anthu amene alira nao maliro ndi kuvina nao cikondwerero sangauzidwe kuti pa mphika alibe gawo.

Pali cinanso cofunika kucenjera naco. Mu 2015 ligi yaikulu inali ndi matimu 16. Mu 2016 anakhala 18. Mu 2017 anakhala 20. Kumapeto kwa 2019 anabwerera pa 18. Pa zaka zisanu zokha ciwerengero cinasintha katatu. Malamulo osinthasintha amapweteka wosauka koposa wolemera, pakuti wolemera ali ndi omulankhulira m'maofesi, pamene wosauka amangomva zitatha. Ciwerengero ca okwera ndi otsika ciyenera kudziwika wezulo woyamba asanalire, ndipo cisasinthidwe kufikira wezulo wotsiriza. Malo mu ligi apezedwe pa bwalo dzuwa likuswa mtengo, osati pa tebulo.

MLANDU WINA ULI PAKHOMO

Koma anthu a kumidzi asaloze cala ku Lusaka kokha. Mlandu wina uli pakhomo pao. Pa masitolo ambiri a m'maboma, Loweruka lililonse, anyamata ndi madoda omwe amalipira kuti aonere Arsenal ndi Manchester United pa kanema. Amadziwa maina a osewera onse a ku England, koma sadziwa kuti timu ya boma lao ili pa malo angati. Timuyo ikapempha ya mafuta, matumba amauma. Kodi Arsenal idzalemba mwana wa ku Nyimba cifukwa atate ake anaikuwira pa sitolo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Palinso mipikisano ya nyengo ya cisankho. Wofuna mavoti amafika ndi mipira iwiri, mayunifomu ndi mbuzi. Anyamata amathyolana miyendo kwa milungu itatu. Cisankho cikatha, mwini mpikisano saonekanso. Mpikisano wotere sukweza timu ngakhale phazi limodzi, pakuti suli pa makwerero a FAZ. Timu imene sinalembetse ku bungweli, ngakhale itapambana mbuzi zana, idzafera pa bwalo la sukulu pomwepo. Ndipo matimu ena olembetsa amadzipha okha: kusewera ndi anthu a zaka zabodza, kuthamangitsa oimbira mpira ndi miyala, kudya ndalama za pa cipata, kukhulupirira zithumwa kuposa kukonzekera. Zimenezi zimapatsa mphamvu onyoza.

ZOYENERA KUCITIKA

Coyamba, bungwe la FAZ lipatule gawo la ndalama za makampani othandiza ligi ndi za kanema, likhale thumba la maulendo, logawidwa monga mwa makilomita amene timu iyenda. Woyenda ulendo wautali alandire zambiri. Uku si kukondera. Ndi kulinganiza katundu mpikisano usanayambe. A Keith Mweemba, amene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa FAZ mu 2025, ndiwo anakweza FC MUZA kucokera pansi. Mtengo wa njirayo audziwa, ndipo sangati sanauzidwe.

Caciwiri, malo amene timu yapambana akhale a dera limene inakwerera. Wofuna timu ku Ndola kapena ku Lusaka ayambe pansi monga anzake onse, asazule mbeu imene ena anathirira.

Cacitatu, magulu a Boma amene ali ndi matimu aleke kuunjikana m'matauni omwewo. Asilikali ndi apolisi ali ndi misasa m'zigawo zonse. Ngati Green Eagles inakhoza kukula ku Choma, palibe coletsa kuti timu ina yotere ikhazikike ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama kapena ku Mansa, ndi kulemba ana a komweko.

Cacinai, makampani amene amagula thonje, fodya, soya ndi nsawawa kwa alimi acite zimene migodi inacitira Mufulira ndi Kitwe. Amene amakolola m'dera abwezeko ku dera.

Cacisanu, aphungu ndi makhansala akumbukire mabwalo. Mu bajeti ya 2022 ndalama za citukuko ca dera la phungu aliyense zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Makomiti a m'mawadi ali ndi mau pa ndalama zimenezi. Mpanda, madzi ndi zipinda zovalira pa bwalo limodzi m'boma lililonse si loto lopitirira msinkhu. Bwalo la David Kaunda ku Chipata liyenera kusamalidwa monga nkhokwe ya cigawo conse.

Cotsiriza, ndipo cacikulu koposa, anthu eni ake agwirizane. Mutu umodzi susenza denga. M'malo mwa timagulu makumi atatu tolimbirana mbuzi, boma lililonse lisankhe timu imodzi yolembetsa, mafumu apereke malo, aphunzitsi asule ana m'masukulu, alimi asonkhe pa nyengo yokolola, amalonda aonjezepo, ndipo buku la ndalama liwerengedwe poyera pamaso pa onse. Power Dynamos inabadwa mu 1971 nitenga cikho mu 1984: zaka 13 za kukwera. Kuona maso a nkhono nkudekha, koma wodekhayo akhale akukwera, osati atagona.

Pa cizindikiro ca dziko lino palembedwa kuti Zambia ndi mmodzi ndipo mtundu ndi umodzi. Mau amenewa ayenera kuoneka ndi pa bwalo la mpira pomwe. Zikho 64 zapita kale m'matauni asanu ndi awiri, ndipo madzi akatayika saoleka. Koma zikho za m'tsogolo sizinalembedwe dzina la munthu. Makwerero atalikitsidwe kufikira atagunda nthaka ya kumudzi, asungidwe kuti wina asawagule kapena kuwasuntha, ndipo ana a alimi adzakwera okha.